Dzina Likasowa pa List, Mulungu Amakhala Kuti?

Mabasi athu a mu Lusaka amalalikila kupambana abusa ena. Imani pa Kulima Tower olo pa City Market m'mawa, muwelenge zolembedwa pa magalasi akumbuyo. Ina ikuti Mulungu sagona. Ina ikuti nthawi ya Mulungu ndiye yabwino. Ina ikucenjeza adani kuti adzaona na maso ao. Zonse zikamba za kupambana. Kufika lelo sin'naoneko basi yolembedwa kuti "Tinapemphela koma zinakanga." Nidziwa, palibe mwini basi angalipile wolemba kuti amulembele zimenezo. Koma mkati mwa basi, pa mipando ija timathinana anai-anai, anthu ambili anyamula mau amenewo mumtima.

Lelo nifuna kukamba na anthu amenewo, komanso na ise tonse amene timakhala nao pafupi. Maganizo anga ni akuti cikhulupililo cacikhristu si lisiti yokatengela katundu kwa Mulungu. Munthu angapemphele moona mtima, n'kucita zonse zoyenela, koma cinthu osabwela. Zikatelo sindiye kuti walakwitsa pemphelo, ndipo ise a m'machechi tifunika kuleka kumusenzetsa mlandu pamwamba pa cisoni cake.

Titenge nkhani imene ambili tikumbukila. Mu 2022 boma linalengeza kuti lidzalemba nchito aphunzitsi 30,000. Anthu opitilila 100,000 anapeleka mapepala. Mu July caka cimeneco maina anatuluka, ndipo osankhidwa anali 30,496. Cinali cinthu cacikulu, mabanja ambili anavina. Manje cotsani nambala iyo pa inzake. Anthu pafupi-fupi 70,000 anawelenga list kucoka pamwamba kufika pansi, kubwelezanso kawili, osapeza dzina lao. M'dziko limene Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza pa 29 December 1991 kuti ni lacikhristu, n'zosakaikitsa kuti ambili mwa 70,000 aja anagwada pansi monga mmene anagwadila anzao osankhidwa. Kodi tikambe kuti Mulungu anamvela gulu limodzi, kwa linalo anatseka makutu? Malo anali owelengeka. Olo onse akanasala kudya masiku 40, malo akanakhala omwewo.

Mmodzi wa osapeza dzina anali mwana wa mlongo wanga. Amai ake amagulitsa salaula, ndipo diploma ya mtsikanayo inalipilidwa na cilimba komanso phindu ya belo na belo. Anacita zonse zimene timauzana: kulembetsa laisensi ya uphunzitsi, kufotokopa mapepala, kusala kudya, kugona ku ma ovanaiti. Tsiku la list anakhala pa foni mpaka batili inatha. Madzulo ananitumila pa foni ya neba, ati, "Amalume, nasakila district yonse, nilibemo. Manje nizabauza cani ba mami?" Funso lake loyamba linali la nkhope ya amai ake, za salale zinabwela pambuyo. Kukhumudwa kwa mu town kumakhala conco. Kumabwela pamodzi na manyazi, cifukwa pa munthu mmodzi wophunzila pamatsamila anthu khumi.

Pa Sondo ku chechi kwao kunali maumboni. Awili amene anasankhidwa anaimilila kutsogolo, azimai anaimba nthungululu, ndipo zinali zoyenela. Potuluka, mai wina wacikulile anamugwila dzanja mtsikanayo n'kumuuza mwacikondi, ati, "Mwana wanga, uziyang'ane bwino. Pali camene cikuvalila njila." Mai uja analibe mtima woipa. Anangobweleza zimene ambili taphunzitsidwa, zakuti dalitso likacedwa ndiye kuti pali chimo lobisika, olo mfiti ya kumudzi, olo cikhulupililo cocepa. Koma mtsikana analowa m'chechi na katundu umodzi, anatuluka na uwili. Alibe nchito, ndipo tsopano ayambe kudzifufuza ngati ni wocimwa olo wolodzedwa. Anatha miyezi osapondako.

Ciphunzitso cimeneco sicigwilizana na Baibo imene timanyamula pa Sondo. Tsegulani Machitidwe caputa 12. Mfumu Herode inagwila Yakobo, m'bale wake wa Yohane, n'kumupha na lupanga. Itaona kuti anthu akondwa, inagwilanso Petulo. Mpingo unapemphela, ndipo usiku mngelo anamutulutsa Petulo m'ndende. Atumwi awili, mfumu imodzi, mzinda umodzi: wina anafa, wina anatuluka. Palibe pamene wolembayo akamba kuti Yakobo anali na cikhulupililo cocepa, olo kuti kwao kunali tembelelo. Ndipo pali kanthu kena koseketsa. Petulo atafika pa nyumba imene anthu anali kumupemphelela, mtsikana wanchito dzina lake Roda anathamangila mkati kukanena kuti ali pa geti, koma opemphela aja anamuuza kuti wafuntha. Anthu amene pemphelo lao linayankhidwa sanali kukhulupilila n'komwe kuti lingayankhidwe. Ngati yankho imayendela kukula kwa cikhulupililo, Petulo sembe anafela m'ndende.

Paulo nayenso anapempha katatu kuti cinthu cina cimene cinali kumusautsa cicoke, ndipo sicinacoke. Yohane M'batizi, amene anabatiza Yesu na manja ake, anafela m'ndende, atatumizako anthu kukafunsa ngati Yesu ndiyedi amene anali kumuyembekezela. Yesu mwiniwake ku Getsemane anapempha kuti masautso amupitilile, ndipo m'mawa mwake anapacikidwa. Cipembedzo cimene pakati pake pali mtanda sicingauze munthu kuti pemphelo losayankhidwa ni umboni wakuti Mulungu wamukana.

N'cifukwa ciani nanga ciphunzitso cija cafala conco? Mbali ina ni cifukwa cakuti cili na msika. Munthu wokhumudwa ni kasitoma wabwino kwambili. Pa 31 December, pa ma ovanaiti olowela caka catsopano, timauzidwa kuti ici ni caka cathu, ca nchito, ca ukwati, ca visa, ca poloti. Envulopu imayenda, ati fesani mbeu molingana na kukula kwa cozizwitsa cimene mufuna. Caka cikafika pakati zinthu zili cimodzi-modzi, yankho ilipo kale: mbeu inacepa, onjezani. Nidziwa anthu amene anatenga kaloba kuti akafese, ndipo lelo amazungulukila njila ina poopa mwini ndalama. Tonse tidziwa basi ija imene imakunyamula kuti ipita ku town, pakati pa njila kondakita ati, "Selukani, kwelani ija ili kumbuyo." Koma kondakita amakubwezako ka cenji, olo amakulipilila ku basi inayo. Ba papa ena amakusiya pa njila, ndalama yapita, ndipo wolakwa ndiwe.

M'buku imodzi-modziyo ya Machitidwe, caputa 8, muli munthu wa ku Samariya dzina lake Simoni amene anatulutsa ndalama kuti agule mphatso ya Mulungu. Petulo sanamupatse envulopu. Anamukalipila koopsa. Sinikamba kuti kupeleka ku chechi n'koipa, iyai. Machechi amalipila lendi na malaiti monga ise, ndipo m'makomboni muli abusa ambili okhulupilika amene amayenda wapansi kukaona odwala, n'kuika malilo athu popanda kufunsa kanthu. Pelekani cifukwa mukonda Mulungu na anthu ake. Koma wina akakuuzani mtengo wa nchito ya m'boma olo mtengo wa mimba, gwilani cikwama canu monga mmene mumacigwilila pa Soweto.

Cinthu coyamba cimene cikhulupililo cimapatsa munthu wokhumudwa ni ufulu wolila. Ambili timaona monga kudandaula pamaso pa Mulungu ni kusowa ulemu. Munthu ukamufunsa kuti muli bwanji, mtima ukucucha magazi, ati, "Nili blessed." Koma buku ya Masalimo, imene Yesu mwiniwake anali kupemphela nayo, ili na nyimbo zambili za madandaulo, za anthu ofunsa Mulungu kuti adzakhala cete kufika liti. Salimo 88 imayamba na kulila n'kuthela mu mdima, popanda citonthozo kothela kwake, koma akulu akale sanaicotse m'Baibo. Munthu amene akalipila Mulungu akali kukamba naye. Woopsa ni uja amene waleka kukamba, amamwetulila cabe pa Sondo, mkati zonse zinazima kale.

Nimakonda nkhani ya pa Luka 24. Yesu ataphedwa, ophunzila awili ananyamuka kucoka ku Yerusalemu kupita ku mudzi wa Emau, mtunda wa makilomita pafupi-fupi 11, umene ise sembe takwelela basi. Anali anthu amene ciyembekezo cao cathela pa mtanda, ndipo anali kubwelela kwao. Yesu anawapeza pa njila, iwo osamuzindikila. Onani zimene anacita coyamba. Anayenda nao, n'kuwafunsa zimene anali kukambilana, n'kuwaleka afotokoze zonse mpaka kumapeto, ngakhale kuti nkhaniyo anali kuidziwa kupambana iwo. Kuwawongolela na kuwaphunzitsa kunabwela pambuyo, ndipo anamuzindikila pa cakudya, atakhala pansi pamodzi. Ise timayambila kothela. Munthu akalibe kutsiliza kukamba kuti dzina palibe, tamuponyela kale vesi. Anzake a Yobu anacita bwino masiku 7 oyambilila pamene anakhala naye pansi osakamba kanthu. Zinthu zinaonongeka pamene anatsegula pakamwa kuti amufotokozele cifukwa cake avutika.

Ise a Zambia tili na nkhani yathu imene timakonda kuikamba monga umboni wakuti Mulungu amabweza. Usiku wa pa 27 April 1993, ndeke imene inanyamula timu yathu ya bola kupita ku Senegal inagwela m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, pakati pao osewela 18. Timu yatsopano inafika pa fainolo ya Africa mu 1994, koma inaluza kwa Nigeria 2-1. Ndiyeno pa 12 February 2012, mu mzinda umodzi-modziwo wa Libreville, Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenoti 8-7, ndipo Stoppila Sunzu atamenya yothela, Lusaka yonse inathamangila mu mseu. Nanenso n'nakuwa mpaka mau anatha. Koma tiyeni tiikambe yonse nkhaniyo. Pakati pa 1993 na 2012 pali zaka pafupi-fupi 19. Ndipo kapu ija siinaukitse munthu olo mmodzi mwa aja anagona pa Heroes' Acre. Akazi amasiye anafunika kuuka m'mawa, kuphika nsima, kusakila ndalama za sukulu, caka na caka, popanda wowauza kuti kudzakhala 2012. Ngati pali pamene cikhulupililo cinagwila nchito yolemetsa, ni m'zaka zimenezo, m'manyumba mmene munalibe makamela. Ambili a ise tikhala m'zaka zapakati zimenezo, ndipo ena sitidzaiona kapu yathu pansi pano. Mose anatsogolela anthu zaka 40, dziko lolonjezedwa analiona cabe na maso ali pa phili.

Nimvela kale wina pa mpando wakumbuyo ati, "Ba mudala, manje mufuna tizinkala cabe zii? Munthu afunika hope. Mukacotsa hope, tizayenda na cani?" Funso ni labwino. Munthu wouka 04:30 ku Kanyama olo ku Chawama kuti apeze basi mzele ukalibe kutalika sangayende popanda ciyembekezo. Ine sinicotsa ciyembekezo. Nikamba kuti tisaciike pa cinthu cimene Mulungu sanalonjeze. Ukauza munthu kuti Mulungu walonjeza kuti dzina lako lituluka caka cino, ndipo osatuluka, cimene cimagwa ni Mulungu wake, cifukwa wamuonetsa monga wabodza. Ciyembekezo cacikhristu cimaima pa kuuka kwa Yesu kwa akufa, pa mfundo yakuti olo imfa siikhala na mau othela. Cimeneco list siingacifafanize. Munthu woima pamenepo angapemphe nchito na mtima wonse, angalile ikakanga, n'kulembanso kalata ina, cifukwa moyo wake wonse sanaupacike pa pepala imodzi.

Ndipo kupilila sikutanthauza kuvomela ciliconse. Pali zokhumudwitsa zimene tifunika kunyamula, monga imfa, matenda osacilitsika, mvula yokana kugwa monga mu 2024. Koma pali zina zimene zili na eni ake. Kolela imene inayamba mu October 2023 inapha anthu mazana ambili, National Heroes Stadium inasanduka cipatala, ndipo masukulu amene anafunika kutsegula pa 8 January 2024 anatsegula pa 12 February. Mai wotaya mwana ku kolela tisamuuze kuti cinali cifunilo ca Mulungu basi n'kuthela pamenepo. Madzi a m'zitsime zosazama pafupi na vimbuzi, ngalande zotsekeka, zinyalala zosatoledwa, zimenezo ni nchito za anthu, ndipo anthu afunika kuyankha. Cimodzi-modzi ngati penapake malo a nchito agulitsidwa olo apatsidwa kwa acibululu, Mkhristu ali na ufulu wofunsa mokweza. Pa Luka 18 Yesu anasimba za mkazi wamasiye amene anavutitsa woweluza wosalungama mpaka anamuweluzila mlandu wake. Anaisimba pophunzitsa za kupemphela kosaleka, koma onani munthu amene anasankha kukhala citsanzo: mai wosatopa kugogoda pa ofesi. Gwadani usiku, m'mawa pitani kwa kansala.

Cinthu cina cimene cikhulupililo cimapatsa ni anthu. Mwana wa mlongo wanga sanabwelele ku chechi cifukwa ca ulaliki wamphamvu. Mai wina wa m'kagulu kao ka mapemphelo a pakati pa wiki anayamba kupita kunyumba, kukhala naye pa mbaula, kusenda naye nyemba, osafunsa za chimo lililonse. Tsiku lina anamuuza kuti iyenso anayembekezela mwana zaka zambili ndipo sanabeleke, koma akali kuimba mu kwaya. Patapita nthawi anamulumikiza na ka sukulu ka m'komboni kamene kanali kufuna wophunzitsa ana aang'ono. Malipilo ni ocepa, mwezi wina amacedwa, ndipo mtsikanayo akali kupeleka mapepala boma likaitana. Sinidzakunamizani kuti nkhani yake yatha bwino, cifukwa ikalibe kutha. Koma amauka m'mawa, amasamba, ndipo ana 40 amamuitana kuti ba teacher. Mau a mai uja wosabeleka anagwila nchito cifukwa anacokela kwa munthu amene nayenso dzina lake silinatuluke.

Apa m'pamene nipempha abusa, ansembe na akulu a mipingo. Nthawi ya maumboni timaipatsa cabe kwa opambana: wagula motoka, wapeza nchito, wacila. Munthu wokhala kumbuyo amene wayembekezela zaka 6 amaphunzila kuti nkhani yake ilibe malo m'nyumba ya Mulungu. Bwanji kamodzi pa mwezi kuimilile munthu wokamba kuti, "N'napempha, sin'nalandile, nikali pano"? Umboni umenewo ungagwile anthu ambili kupambana makiyi a motoka. Ndipo list ikatuluka, ya aphunzitsi, ya manesi, ya asilikali olo ya mayeso a Grade 12, tumizani anthu ku nyumba za amene sanasankhidwe. Kwa osankhidwa alendo amapita okha.

Kwa imwe amene muli pakati pa kukhumudwa lelo, nili na mau ocepa. Musapange cosankha cacikulu wiki yoyamba. Musathamangile kaloba, olo njuga za pa foni zimene zimalonjeza kubweza zonse na tiketi imodzi, olo ka botolo ka junta kamene kamagoneka cisoni usiku n'kucidzutsa m'mawa cili na njala. Uzankoni munthu mmodzi zoona zake, osati "nili cabe bwino." Pemphelani mmene mulili, olo pemphelo likhale la mau atatu na misozi. Ngati papita mawiki simugona, simudya, olo maganizo odzipha ayamba kubwela, pitani ku kiliniki mukakambe na a zaumoyo. Kupita ku Chainama si kusowa cikhulupililo, monga mmene kupita na mwendo wothyoka ku UTH sikuli kusowa cikhulupililo. Mulungu amene anapatsa abusa mau ni amene anapatsanso madokotala nzelu.

Ndipo kwa ise ena tonse, m'bululu olo mnzathu akatiuza kuti zakanga, tisathamangile kumufotokozela cifukwa cake. Sitidziwa. Tisamuuze kuti adziyang'ane, olo kuti aonjeze mbeu, olo kuti ambuye ake kumudzi ndiwo amanga zinthu. Mau akuti "pepani, cababa" ni okwanila pa tsiku loyamba. Pa tsiku laciwili mufunseni ngati wadya. Pa wiki yaciwili, pamene ena onse aiwala, mutumileni foni, ndipo ngati muli nako kocepa, mutumilenkoni ya transport kuti akapeleke mapepala kwina.